Mwala wa m'phanga womwe unasunga mbiri ya mvula ya ku Arabia

Phunziro la lero tikalitenga m'phanga la Hoti, kumpoto kwa dziko la Oman.

M'mapanga ngati limeneli, madzi a mvula amalowa m'nthaka, n'kusungunula pang'ono mwala wa laimu, kenako amadontha kuchokera kudenga la phanga. Dontho lililonse likagwa limasiya kalaimu kochepetsetsa. Pakapita zaka mazanamazana, pamamera mwala woloza kumwamba womwe akatswiri amati stalagmite. Mukaucheka pakati muona mizeremizere ngati ya mkati mwa mtengo. M'mapanga ena, mzere wa dzinja umasiyana mtundu ndi wa chilimwe, moti nyengo za chaka chimodzi zimaoneka paderapadera.

Nanga amauwerenga bwanji?

Choyamba ndi zaka. Madziwo amabwera ndi uranium pang'ono, yemwe amasanduka thorium pa liwiro lodziwika. Akayeza ziwirizi amadziwa kuti mzere uwu unapangika liti.

Chachiwiri ndi mvula. Okosijeni wa m'madzi alipo wopepuka ndi wolemera. M'madera ambiri otentha, mvula ikachuluka wopepuka ndi amene amachuluka mu laimu. Kukauma, madzi amachedwa m'miyala ndipo magnesium amakwera.

Chachitatu ndi maonekedwe. Madontho akachepa, madzi safika m'mbali, ndiye mwalawo umakula mowonda.

Mu 2022, Dominik Fleitmann wa ku yunivesite ya Basel ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza mu mwala wa ku Hoti. Unaonetsa chilala choopsa, cha zaka zambiri, cha m'ma 520. Nthawi imeneyo ufumu wamphamvu ku Arabia unali Himyar, komwe lero kuli Yemen. Moyo wake unali pa minda ya m'mapiri ndi madamu a ulimi wothirira. Mu 525 asilikali a Aksum, ochokera ku Ethiopia, anaugonjetsa. Abraha, uja wa nkhani ya njovu, anachokera m'gulu limeneli ndipo pambuyo pake analamula Yemen. Mtumiki Muhammad (SAW) anabadwa cha m'ma 570, Himyar atagwa kale.

Apa tisamale, abale ndi alongo. Akatswiriwa sananene kuti chilala chokha ndi chomwe chinagwetsa ufumuwo. Panalinso nkhondo, mikangano ya zipembedzo komanso kusokonekera kwa malonda. Chilala chinaupeza ufumu uli kale pa mavuto, n'kuufooketsa kotheratu. Mwalanso umangonena za mvula ya dera lake, choncho amauyerekeza ndi maumboni ena monga kuya kwa Dead Sea ndi zolemba zakale.

Taganizirani: palibe amene ankayeza mvula ku Oman zaka 1,500 zapitazo, koma madontho ankalemba, mumdima, chaka ndi chaka. Funso lomwe mwalawu ukutisiyira n'lakuti mvula ikakana zaka zingapo zotsatizana, madamu, nkhokwe ndi umodzi wa anthu zingapirire mpaka pati?