Pamene Akavuluvulu Anakantha m'Nyengo Yozizira

MADZULO a Lachisanu, December 10, 2021, anthu oposa 100 anali pantchito m'fakitale yopanga makandulo m'tauni ya Mayfield, ku Kentucky, United States. M'dzikolo December amakhala mkati mwa nyengo yozizira, ndipo anthu ambiri amayembekezera akavuluvulu oopsa m'April ndi May, osati pamene mitengo yayoyola kale masamba. Komabe, cha m'ma 9:30 usiku, kavuluvulu wamphamvu, wa mtundu umene m'Chingelezi umatchedwa tornado, anagwetsera fakitaleyo pa antchitowo, napha anthu osachepera 8. M'mphindi zoŵerengeka chabe, pakati pa tauni imeneyo ya anthu pafupifupi 10,000 panatsala milu ya njerwa ndi zitsulo zopindika.

2 Ngoziyo sinafike popanda chenjezo. Akatswiri a zanyengo anali ataiwoneratu ndipo anailengeza. Nanga nchifukwa ninji miyoyo yambiri inatayika? Kupenda zimene zinachitika usikuwo kudzasonyeza kuti chenjezo limapulumutsa kokha pamene munthu walimva, walikhulupirira, ndipo akudziŵa kale kothaŵira.

1, 2. Kodi nchiyani chinachitika ku Mayfield, ndipo chikudzutsa funso lotani?

Kodi Nchifukwa Ninji m'December?

3 Kavuluvulu wotero amabadwa mumtambo waukulu wa mabingu. Pamafunikira mpweya wofunda ndi wachinyezi pafupi ndi nthaka, mpweya wozizira pamwamba pake, ndiponso mphepo zimene liŵiro lake ndi kumene zikuloŵera zimasintha pamene munthu akwera m'mwamba. Kusiyana kwa mphepo kumeneko nkumene kumachititsa mtambowo kuyamba kuzungulira. Kaŵirikaŵiri nyengo yozizira imakhala ndi mphepo zamphamvu za m'mwamba koma imasoŵa kufunda. Patsikulo kufundako kunalipo. Mpweya wachinyezi wochokera ku Gulf of Mexico unafika kutali kumpoto, kwakuti mumzinda wa Memphis, ku Tennessee, kutentha kunapitirira madigiri 25 Celsius, monga ngati m'chilimwe.

4 Zoterezi zinachitikapo kale. Pa February 5 ndi 6, 2008, akavuluvulu anapha anthu 57 ku Tennessee, Arkansas, Kentucky, ndi Alabama. Chotero lingaliro lakuti nyengo yozizira ilibe ngozi imeneyi nlonyenga. Ndiponso, m'nyengoyi akavuluvulu amayenda mofulumira chifukwa cha mphepo za m'mwamba zija, ndipo popeza dzuŵa limaloŵa msanga, ambiri amafika kuli mdima.

3, 4. (a) Kodi kavuluvulu wamphamvu amafunikira mikhalidwe yotani? (b) Kodi nlingaliro lonyenga liti limene zochitika za mu 2008 zimavumbula?

Ukulu wa Chiwonongekocho

5 Pa December 10 ndi 11, akavuluvulu pafupifupi 70 anakantha zigawo zingapo za pakati ndi kummwera kwa United States. Amene anasakaza Mayfield anayenda pansi mtunda wa makilomita oposa 260 m'maola pafupifupi 3, ndi mphepo zofika pa liŵiro la makilomita 305 pa ola. Anapasula nyumba ku Cayce, Princeton, Dawson Springs, ndi Bremen, ndipo anapha anthu oposa 55. Chithunzithunzi china cha banja chimene chinatengedwa ndi mphepo ku Dawson Springs chinakapezeka ku New Albany, Indiana, pamtunda wa makilomita pafupifupi 200!

6 Kwina nakonso kunali maliro. Ku Monette, Arkansas, nyumba yosungiramo okalamba inasasuka denga. Ku Edwardsville, Illinois, makoma a nyumba yaikulu yosungiramo katundu ya kampani ya Amazon anagwa ndi kupha anthu 6. Ku Bowling Green, Kentucky, kavuluvulu wina anafika pakati pausiku patapitirira, pamene mabanja anali m'tulo, ndipo ena mwa akufawo anali ana. Onse pamodzi, anthu pafupifupi 90 anafa, ndipo katundu wowonongeka anali wa mtengo woposa madola 3,000,000,000.

5, 6. Longosolani chiwonongeko chimene chinachitika m'malo osiyanasiyana.

Chenjezo Palokha Silikwanira

7 Masiku angapo ngoziyo isanachitike, likulu loneneratu za mikuntho la Storm Prediction Center, ku Norman, Oklahoma, linali litasonyeza kale chigawo chimene chinali pangozi. Usikuwo ofesi ya zanyengo ya ku Paducah inachenjeza Mayfield kutatsala mphindi pafupifupi 20. Komano chenjezo lausiku limafikira anthu movutikira. Wogona samamva wailesi, ndipo amene watuluka panja kuti akadziwonere yekha sangawone kanthu kufikira mphezi itang'anima. Kufufuza kumene Walker Ashley ndi anzake a pa Northern Illinois University anafalitsa mu 2008 kunasonyeza kuti kuthekera kwakuti kavuluvulu aphe anthu kumaŵirikiza koposa kaŵiri pamene akantha usiku.

8 Ngakhale munthu amene wamva chenjezo afunikira malo othaŵirako. Nyumba zazikulu za madenga otambalala, monga mafakitale, zimawoneka zolimba, koma denga likangochoka makoma ake amagwa mosavuta. Ku Edwardsville, antchito amene anasonkhana pamalo obisalapo oikidwiratu chakumpoto kwa nyumbayo anapulumuka, pamene amene anafawo anali kumbali ya kummwera. Nyumba zopepuka zopangidwira kufakitale, zimene mabanja ambiri osauka a kummwera kwa United States amakhalamo, zili zangozi koposa, pakuti mphepo ikhoza kuzinyamula zathunthu.

7. Kodi nchifukwa ninji chenjezo lausiku limalephera kufikira ena?
8. Kodi zimene zinachitika ku Edwardsville zimasonyezanji ponena za malo obisalamo?

9 Chifukwa cha zimenezi, akatswiri amalangiza mabanja kusankhiratu pobisala thambo lidakali loyera. Malo abwino koposa ndiwo chipinda chapansi pa nthaka. Ngati palibe, banja liyenera kuloŵa m'kachipinda ka pakati pa nyumba, kopanda mazenera, ndi kuphimba mitu, popeza ambiri amavulazidwa ndi zinthu zouluzika. Okhala m'nyumba zopepuka ayenera kupita ku nyumba yolimba mkuntho usanafike. Nkwanzerunso kukhala ndi njira zoposa imodzi zolandirira chenjezo, kuphatikizapo ina yokhoza kudzutsa munthu m'tulo. Ndipo eni ntchito ali ndi thayo la kuphunzitsa antchito awo kumene ayenera kuthamangira, kotero kuti mphindi zochepazo zisathere m'kufunsana.

9. Kodi mabanja ndi eni ntchito angakonzekere motani?

10 Pa December 15, 2021, Pulezidenti Joe Biden anayendera Mayfield ndi Dawson Springs, ndipo antchito odzifunira anafika kuchokera kutali kudzachotsa zibuma ndi kugaŵira chakudya. Nyumba zambiri zinamangidwanso m'zaka zotsatira. Koma mabanja amene anaika maliro m'December ameneyo sangabwezeredwe zimene anataya. Kwa anthu okhala kumene mikuntho imakantha, phunziro lake nlomvekera: ngozi siyembekezera nyengo imene anthu anaizoloŵera, ndipo nthaŵi yosankha kothaŵira ndiyo lerolino, chenjezo lisanamveke.

10. Kodi ndi phunziro lalikulu liti limene ngozi imeneyi ikupereka?

Kodi Mungayankhe Motani?
□ Kodi akavuluvulu amatheka bwanji m'nyengo yozizira?
□ Kodi nchifukwa ninji ausiku amapha anthu ambiri?
□ Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene zimachititsa chenjezo kukhala lopulumutsa moyo?