Zilembo ziwiri pa chitseko cha ku Mougins

Pa 24 June 1991, apolisi a ku France anapeza mtembo wa Ghislaine Marchal, mayi wamasiye wachuma, m'chipinda cha pansi pa nyumba yake ku Mougins. Pa chitseko panali mawu olembedwa ndi magazi: "Omar m'a tuer", kunena kuti Omar wandipha. Omar Raddad wa ku Morocco, amene ankasamalira maluwa pakhomopo, anamangidwa, ndipo mu 1994 khoti linamugamula zaka 18. Pulezidenti Jacques Chirac anamuchepetsera chilango mu 1996, anatuluka mu 1998, koma mlanduwo sanauvomerepo.

Iwe amene ukuphunzira Chifalansa, wachiona cholakwika m'mawu aja? Ngati wangodutsa, khala pansi kaye.

Mneni wotsatira avoir pokamba zakale amayenera kukhala participe passé. Aneni othera ndi -er amasanduka -é: tuer, tué. Finir amakhala fini, vendre amakhala vendu. Sizithera pomwepo. Pamtherankhani akabwera patsogolo pa avoir, participe imagwirizana naye. Ka m' kaja ndi mlowam'malo wa mayi, choncho mawu oyenera anali "Omar m'a tuée".

Zilembo ziwirizo zinavutitsa khoti. Oimira Raddad anati mayi wophunzira chotero sakanalemba zimenezi, ndiye analemba ndi munthu wina. Mbali inayo inasonyeza mapepala ena a mayiyo momwe anaphonyanso chimodzimodzi. Tamva bwino pamenepo: mwini chiyankhulo, wopita kusukulu, ankapunthwa pomwepa. Nanga iwe ukudalira chiyani?

Msampha wake ndi khutu. Tuer, tué, tuée ndi tuez zimamveka chimodzimodzi. Ife tinazolowera Chichewa chimene timalemba monga tikumvera, ndipo chizolowezi chimenecho chidzakugwetsa. Kodi umayamba wadzilankhulira mawu kenako n'kulemba zomwe wamva? Kodi umalemba "j'ai manger" dzanja osanjenjemera? Ukaona que, la, les kapena me patsogolo pa avoir, umaima n'kufunsa kuti akuimira yani? Ambiri amathamangira mneni, kamlowam'malo n'kukasiya m'mbuyo.

Aphunzitsi a ku France ali ndi njira yoyesera. Chotsa mneni wokayikitsayo, uikepo vendre kapena mordre. Palibe anganene kuti "il m'a vendre". Khutu lomwelo likana. Ukamva vendu, lemba -é. Kenako bwerera m'mbuyo, usake pamtherankhani: ngati ndi wamkazi onjezera e, ngati ndi ambiri onjezera s. N'chifukwa chake timalemba "j'ai écrit la lettre" koma "la lettre que j'ai écrite".