Maina a Makampu ndi Mendulo za m'Bokosi

Anthu a ku Chawama ndi ku Kalingalinga amachula Burma Road ndi Arakan Barracks tsiku ndi tsiku, osafunsa kumene mainawo anacokera. Si maina a dziko lino ai. Ndiwo malo akutali kumene anyamata a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ya 1939 kufikira 1945, ndipo ena anaikidwa komweko.

Kampu ya Tug Argan ku Ndola ikumbutsa mpata wa m'mapiri a ku Somaliland, kumene m'mwezi wa August 1940 asilikariwo analimbana masiku asanu ndi Ataliana owacurukira, kufikira analamulidwa kubwerera ku Berbera. Chindwin ya ku Kabwe ndiwo mtsinje wa ku Burma. Anaufika m'caka ca 1944 atapyola cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo.

Tsono m'nyumba zina za ku Matero ndi ku Kanyama muli bokosi lacitsulo la agogo, ndipo pansi pa zobvala pali mendulo yonga nyenyezi. Kansalu kake kakakhala kotuwa ngati mcenga, ndi mzere wofiira pakati, mwini wake anamenya nkhondo mu Africa. Nyenyezi ya ku Burma iri ndi kansalu kofiira pakati, kabuluu m'mbali. Koma nyenyezizi zinaperekedwa zopanda dzina la mwini. Cimene cinena za munthuyo ndico kabuku kotulukira usilikari, momwe muli nambala yake ndi gulu lake. Kabukuka ndiko koyenera kusamalidwa koposa, pakuti ciswe ndi madzi osefukira a ku Kanyama sizisankha pepala.

Mnyamata amene anali wa zaka 18 m'caka ca 1945 anabadwa mu 1927; kotero ofunsidwa tsopano ndiwo ana ao ndi azakhali okalamba. Mdzukulu akhale pansi mwaulemu, kope m'manja, nafunse: Agogo analembedwa kuti usilikari? Anakwera pa doko liti? Anabwerako caka citi, ndi ciani m'manja? Asilikari ena sanafune konse kusimba zimene anaona, ndipo banja likati silidziwa, nzosayenera kuliumiriza.

Caka ndi caka, pa Sande loyandikira 11 November, anthu amasonkhana pa mwala wa cikumbutso m'mseu wa Independence Avenue, nakhala cete mphindi ziwiri. Mdzukulu amene analemba nambala ya agogo ake ali ndi dzina lolikumbukira pa mphindi zimenezo.