Mphunzitsi wa Nyimbo wa ku New York

John Henry Hopkins anabadwa ku Pittsburgh, m'dziko la America, m'chaka cha 1820. Atate wake anadzakhala bishopu wa ku Vermont mu Mpingo wa Episcopal, ndiwo mbale wake wa Mpingo wa Anglican. Mwanayo analowa udikoni mu 1850, ndipo mu 1855 anayamba kuphunzitsa nyimbo pa sukulu ya ansembe ku New York.

M'chaka cha 1857 anapeka nyimbo ya Anzeru a kum'mawa, yotchedwa "We Three Kings". Mawu ndi maimbidwe omwe anakonza yekha. Anaigawa bwino ndithu: amuna atatu, yense aimbe ndime yakeyake, wina za golidi, wina za libano, wina za mure, ndipo ena onse avomereze pamodzi. Komatu Mateyu sanena kuti Anzeruwo anali mafumu, kapena kuti anali atatu. Mphatso ndizo zinali zitatu.

Unsembe wake unachedwa. Anakhala dikoni zaka 22, nadzozedwa wansembe mu 1872, atapitirira zaka 50 zakubadwa. Anaweta mpingo ku Plattsburgh, pambuyo pake ku Williamsport, namwalira mu 1891.