Pakamwa ndi pako, koma pamsika ndi pa tonse



Lero ndikufuna tione za ufulu wolankhula pagulu, kaya pamsika wa Benga, kudoko kapena pamsonkhano wa kwa a T/A Mwadzama. Ena mwa ife timaopa kufunsa za ndalama za chitukuko poganiza kuti atimanga. Ena timatukwana kenako n'kumati "ndi demokalase". Onsewa sakudziwa lamulo.

Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wonena maganizo ake, ndipo gawo 38 limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Choncho kufunsa phungu kapena khansala komwe kwapita ndalama za CDF si mlandu.

Koma gawo 44 likuti ufulu ungachepetsedwe, bola malirewo akhale olembedwa m'lamulo, oyenera komanso ofunika m'dziko la demokalase. Malire atatu oti tiwadziwe ndi awa:

1. Kutukwana munthu m'njira yoti ndewu ingabuke ndi mlandu pa gawo 182 la Penal Code.
2. Kulankhula dala mawu opweteka munthu pa chipembedzo chake ndi mlandu pa gawo 130. Lamuloli limateteza Msilamu, limatetezanso Mkhristu amene timakhala naye mudzi umodzi. Tikatenga chimkuzamawu tizikumbukira zimenezi.
3. Pokonza zionetsero, Police Act ya 2010 imafuna kuti DC adziwitsidwe polemba kalata kusanatsale maola 48. Uku n'kudziwitsa, si kupempha chilolezo.

Malirewa amasinthanso. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa mlandu woukira boma ndi mawu, ndipo mu Julaye 2025 khoti lalikulu lidathetsa gawo 200 lomwe linkamangitsa anthu poipitsa mbiri ya wina. Komabe musati mwapeza danga: amene mwamunamizira akhoza kukusumirani n'kufuna chipukutamisozi.

Mmene ine ndikuonera, lamulo sililetsa kutsutsa. Limaletsa kuvulaza. Ndiye musanaimirire pagulu dzifunseni kuti: zomwe ndinenezi n'zoona? Umboni ndili nawo? Ndikudzudzula ntchito ya munthuyu kapena ndikungomunyoza? Ngati mayankho ali bwino, lankhulani mopanda mantha, chifukwa mjigo wofa kapena chipatala chopanda mankhwala sizikonzeka tonse tikakhala chete.