Kuphunzitsa za Mbalame: Bakha Wosiya Ana Ake

Ife amene tikukonzekera ntchito ya uphunzitsi timakonda kuyamba phunziro la mbalame ndi mayina ndi mitundu ya nthenga. Ana amalemba, amaloweza, nkuiwala. Pano tikupereka chitsanzo cha mbalame imene khalidwe lake limadzutsa mkangano m'kalasi, ndipo mkanganowo ndiwo ungatithandize kuphunzitsa.

Shelduck ndi gulu la abakha akuluakulu, amiyendo yaitali, oyenda pamtunda ngati atsekwe. Akatswiri amawatcha Tadorna. Ku Malawi kulibe, ndipo tiyenera kuwauza ana zimenezi poyera. Komabe mbale wawo alipo: tsekwe wofiirira wotchedwa Egyptian goose, amene amaoneka m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Liwonde. Tiyambire pa iyeyu.

Mtundu wodziwika kwambiri, Tadorna tadorna, umakhala m'magombe a nyanja zamchere za ku Ulaya, kumene umasefa matope ndi mlomo pofuna tinkhono ting'onoting'ono madzi akaphwa. Thadzi limaikira mazira, kawirikawiri 8 mpaka 10, mu una wakale wa kalulu, ndipo limakhalira masiku pafupifupi 30. Apa tiyembekezere kuti mwana wina atitsutsa, nati kalulu sakumba una. Adzakhala akunena zoona za kalulu wathu wam'tchire, ndipo timuyamikire. Wa ku Ulaya ndi wina, amakumba. Ku South Africa mtundu wa Tadorna cana umaswera m'mauna a nengo, nyama ija yokumba zulu pofuna chiswe.

Tsono tifike pa nkhani yeniyeni. Anapiye akaswa, makolo amawatsogolera ku madzi. Koma m'mwezi wa July makolo ambiri amanyamuka, kuulukira ku Wadden Sea, kugombe la Germany, ana asanathe kuuluka. Anapiye a mabanja osiyanasiyana amasonkhana pamodzi, nkumayang'aniridwa ndi akuluakulu ochepa otsalira.

Pamenepa tiime, tifunse kuti: "Kodi kholo lotere mukuliona bwanji?" Ambiri adzati ndi lankhanza. Tisawadzudzule, ndiponso tisafulumire kupereka yankho. M'malo mwake tiwakumbutse za nkhuku ya kwawo: nthenga zake zimathothoka pang'onopang'ono, zina zikumera. Bakha sali choncho. Nthenga zonse zazikulu za m'mapiko zimathothoka nthawi imodzi, ndipo kwa milungu pafupifupi 4 sangauluke konse. Tsono mbalame yosauluka ingakhale kuti? Ana akaganiza, adzatchula okha malo otakasuka, a chakudya chambiri, kumene nkhandwe singafike msanga. Wadden Sea ndi malo otero: matope ndi mchenga wozingidwa ndi madzi, kumene abakhawa amasonkhana zikwizikwi. Mwana amene wafika yekha pa yankholi wamvetsa kuti khalidwe la nyama limatsata zosowa za thupi lake, chinthu chimene sakanachipeza poloweza mayina.

Zofunika pa phunziroli ndi zochepa: mapu a dziko lonse, chithunzi chojambulidwa pa bolodi, ndi nthenga za m'phiko la nkhuku ndi la bakha zimene ana angatole kunyumba. Tiwachenjeze kuti atole zogwa zokha, pakuti mwana wachangu angathe kusosola bakha wa amayi ake wamoyo.