Makalata a Omvera: Mtengo wa Indya pa Makina Osemera

Kalata ya lero yachokera kwa bambo wina wosema ziboliboli wa ku Ulongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo ku Balaka. Bambowa anamva kuti kunja amisiri amasema zinthu zokongola ndi mtengo wa lilac pa makina ozunguza thabwa, ndiye akufunsa ngati angaupeze kuno.

Lilac weniweni kwawo n'kumapiri a Balkan ku Ulaya. Amafuna chisanu chambiri, choncho kutentha kwa m'mbali mwa Shire sangakupirire. Thunthu lake n'lolimba, la mizere yofiirira, koma ndi laling'ono ndipo limang'aluka likamauma. Limangokwanira zigwiriro za mipeni ndi zolembera.

Komatu bambowa asataye mtima! Pamakomo ambiri ku Balaka pali indya, mtengo umene azungu ena amautchanso lilac wa ku Persia. Ndi wa banja limodzi ndi mbawa. Umakula msanga, thabwa lake n'lofiirira ndipo silivuta kusema, mosiyana ndi phingo ndi mlombwa, zomwe zimatenga zaka zochuluka kuti zikhwime ndipo zikusowa.

Akadula chipika, apake sera kapena penti kunsonga zonse ziwiri, n'kuchiika pamthunzi. Ngati akufuna mbale, aisemeretu chipikacho chikadali chachiwisi, koma aisiye yochindikala, iume miyezi ingapo, kenako aisalaze.

Posema avale chophimba mphuno chifukwa cha fumbi, ndipo zipatso za indya zisafike m'kamwa mwa ana kapena nkhumba, poti zili ndi poizoni.